Thobwa Losalawa

Chaka chimene mliri wa kolera unadutsa m'dziko muno, ife ogulitsa zakudya ku Hwange tinasanduka anthu oopsa kuposa mbava. Mvula itatha mliriwo unazilala, koma a zaumoyo sanazilale nawo. Pofika mwezi wa Meyi mu 2009 anatiitana tonse amene timayala malonda pa tsiku la Kamandama kuti tikamve malamulo atsopano.

Kamandama ndi mgodi wa malasha wa Namba Thuu umene unaphulika mu 1972, n'kukwirira amuna mazanamazana, ambiri a iwo ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Mgodiwo anautseka anthu ali momwemo. Chaka chilichonse pa 6 Juni anthu amasonkhana pachipilala kudzapemphera, kuika nkhata za maluwa ndi kumvera akuluakulu akulankhula zomwe analankhula chaka chatha. Ndiye poti wolira nayenso amamva njala, ife timakhala kunja, m'mbali mwa msewu, ndi matebulo athu. Ine ndine Emeliya, make Terrence, wa mandasi ndi mazira owiritsa. Kudzanja langa lamanja kunkakhala a Fainesi ndi thobwa lawo, ndipo nkhaniyi ndi yawo.

A Fainesi anali mayi wamfupi, wouma ngati chikuni cha tsanya, wosakonda zoseka. Anachoka ku Dedza ali mtsikana kutsatira mwamuna wawo woyamba, a Alberto a ku Angoniya. A Alberto ali m'Kamandama mpaka lero. Patapita zaka anakwatiwanso ndi a Fideli, nawonso ogwira ntchito pansi pa mgodi. Lamlungu lina masana a Fideli anamwa chikho cha thobwa pakhonde pawo kukomboni ya Madumabisa, anatsokomola, magazi n'kutuluka m'kamwa, ndipo mwezi usanathe anali m'manda. Anthu a m'komboni sanapite patali ndi masamu, koma kuwerenga amuna awiri akufa amatha.

Kumanda, mng'ono wa malemu, a Tobiasi, anaimirira n'kunena kuti mbale wawo sanafe imfa ya Mulungu. Dzina sanatchule, ndipo panalibe chifukwa chotchulira, poti aliyense ankadziwa amene anaphika thobwalo. Ine nthawi imeneyo ndinali kamtsikana. Ndimakumbukira mayi anga akutiuza kuti popita kusukulu tizilambalala nyumba ya a Fainesi.

Kwathu kuno, makamaka pakati pa akuluakulu a m'makomboni, chakumwa sichiperekedwa chosalawa. Mwini wake amayamba wamwako pang'ono m'chikho chomwecho, kenako n'kupereka ndi manja awiri. Ena amati kuchotsa ufiti. Mwambowu unalimba kale, pamene amuna a mitundu yosiyanasiyana ankagona m'chipinda chimodzi, aliyense akugona ndi diso limodzi. Masiku ano ambiri amangolawa kapu yoyamba, basi, ofuna amwe osafuna asiye. A Fainesi okha ankalawa kapu iliyonse, ya munthu aliyense, ngakhale ya mwana wongotumidwa. Ndi mmene anabwezera anthu patebulo lawo, mmodzimmodzi, kwa zaka pafupifupi makumi atatu.

Ndikamati anthu anabwerera sindikutanthauza kuti anaiwala. Mlandu suwola. Ankamwa chifukwa aona mlomo wa mwini thobwa wanyowa. Pofika madzulo a tsiku la malonda a Fainesi ankakhala atakhuta thobwa lawo lomwe, akungopitapita kuseri kwa tchire, ine ndikuwayang'anira tebulo. Munthu mmodzi yekha ndi amene sanabwerepo: a Tobiasi. Chaka ndi chaka ankadutsa tsidya lina la msewu, atavala jekete ndi chipewa, maso ali kutsogolo ngati kuno kulibe anthu.

Msonkhano unachitikira m'holo ya tchalitchi ku Empumalanga. Amene anatilankhula anali Thandeka Mwale, mtsikana wa zaumoyo, mdzukulu wa a Mwale a ku Ntcheu amene ankakonza mapampu kumgodi. Chichewa amamva chonse, koma poyankha chimamuthera panjira, n'kuthawira ku Chindebele. Nthawi ya mliri anamutumiza kukagwira ntchito m'matenti a odwala, ndipo anabwerako atasiya kuseka ndi nkhani ya madzi.

Anatiuza kuti tebulo lililonse likhale ndi chigubu cha madzi osamba m'manja chokhala ndi mpopi, osati beseni loti aliyense aviikemo manja. Sopo akhalepo. Chakudya chikhale chovindikira, ogulitsa avale epuloni ndi duku, ndipo epuloniyo isakhale yopukutira nkhope kapena mamina a mwana. Zomwera m'chikho chimodzi zathera pano. Munthu aliyense kapu yake, ikatha ilowe m'madzi a mankhwala a klorini.

Tinang'ung'udza monga mwa masiku onse. Mayi wina wa nyama yootcha anafunsa ngati a zaumoyo adzatigulire okha mipopiyo. Wina anati chiyambire kugulitsa sanaphepo munthu. Thandeka anangodikira kuti titope, kenako anati amene sakufuna akhale kunyumba, ndipo Lachitatu aliyense abweretse zipangizo zake kubwalo la tchalitchi kuti adzaone. Tinabweretsa ndithu. Kung'ung'udza n'kwaulere, koma tsiku la Kamandama limabwera kamodzi pachaka.

Lachitatulo tebulo la a Fainesi ndi limene linaposa onse. Anali atapita kwa wokhoma zidebe kukaikitsa mpopi pachidebe cha thobwa kuti asamatungenso ndi chipanda. Makapu apulasitiki anali atawayala chozondotsa pansalu yoyera. Epuloni yosita, duku lomanga mpaka m'makutu, zikhadabo zowenga mpaka pamnofu. Thandeka anazungulira tebulolo kufunafuna cholakwa, osachipeza. Nkhope yake inamasuka pang'ono.

“Kuhle, gogo, zili bwino kwambiri,” anatero. “Tsopano ine ndine kasitomala. Tandithirirani.”

A Fainesi anasamba m'manja ndi sopo, anatenga kapu, anatsegula mpopi, anadzaza. Kenako anaikweza pakamwa, anamwako pang'ono, n'kupereka ndi manja awiri.

“Hatshi, gogo, iyayi! Mwachita chiyani?”

“Ndalawa.”

“Ndiye imeneyo ndi kapu yanu. Ine mundithirire ina.”

A Fainesi anathira ina, analawanso, n'kuperekanso ndi manja awiri. Bwalo lonse linafa ndi phwete. Iwo sanaseke, ndipo Thandeka sanaseke.

“Gogo, mlomo wanu pakapu ya kasitomala, akuvunyelwa. N'zoletsedwa. Matenda amayenda ndi malovu.”

“Ine sindikudwala, mwanawe.”

“Ambiri amene ndinawaona m'matenti anapatsidwa matenda ndi anthu amene sankadwala. Ngati mukufuna kulawa, khalani ndi kapu yanu. Thirani kuchokera m'chidebe chomwecho, imwani anthu akuona. Simple.”

A Fainesi anamuyang'ana monga mmene umayang'anira mwana amene wavala nsapato mosemphanitsa.

“Mankhwala saika m'chidebe. Woika m'chidebe ndi chitsiru, akufuna kupha komboni yonse? Amabisa m'chikhadabo cha chala chachikuluchi, popereka n'kuviika m'kapu. Ukawafunse agogo ako.”

“Ndiye valani magolovesi.”

“Kuti anene kuti ndikubisa zikhadabo?”

Thandeka anapumira m'mwamba. Anayang'ana ife tonse, podziwa kuti chimene anene apa chikhala lamulo la aliyense.

“Uxolo, gogo, pepani. Koma ndikadzaona mlomo pakapu ya munthu kamodzi kokha, tebulo nditseka, thobwa ndikhuthula pansi anthu akuona.”

Pobwerera tinayenda limodzi m'mbali mwa njanji, katundu ali pamutu. Sitima ya malasha inatidutsa, yaitali ngati ulaliki wa abusa achilendo.

“Amayi, bwanji chaka chino mungokhala kunyumba?” ndinatero. “Malamulo oterewa sachedwa kutopa. Chaka chamawa adzakhala ataiwala.”

“Ndikapanda kupita adzati a zaumoyo apeza kanthu m'thobwa langa.”

“Ndiye pitani, koma musalawe.”

“Adzati waliopa thobwa lake lomwe.”

“Nanga mutani?”

“Chimera ndasinja kale, make Terrence.”

Mawa lake ndinamupeza Thandeka akudikira kombi, minibasi ya kwathu kuno, ndinamukokera pambali. Ndinayamba kumufotokozera za a Alberto, za a Fideli, za mawu a kumanda aja. Anandidula ndisanafike pakati.

“Ndikudziwa, NaTerrence. Nanenso ugogo, agogo anga aakazi, ankandiletsa kudutsa panyumba pawo.”

“Ndiye sungatseke diso limodzi?”

“Ndikatseka diso kwa gogo ameneyu, mawa nditseka kwa wina amene akutsokomola. Ine ndanyamula ana m'manja mwanga, mama, opepuka ngati pilo. Sindifuna kunyamulanso.”

Ndinkafuna kumukwiyira, koma mtsikanayo sankanama. Kombi inabwera, iye n'kukwera.

Tsiku la Kamandama linali Loweruka. Kunacha ndi kamphepo kozizira kamene kamanyamula fumbi la malasha n'kulithira pa chilichonse choyera. Tinafika dzuwa likungotuluka kumene, tinayala matebulo, Thandeka n'kudutsa ndi chikhoti chake choyera kuona mipopi ndi sopo. Patebulo la a Fainesi sanaime nthawi yaitali. Anangopereka moni kuti “Salibonani, gogo,” n'kuyang'ana makapu, kenako pakamwa pawo.

Anthu asanachuluke a Fainesi anachita zimene ankachita chaka chilichonse. Anathira kapu imodzi, anapita nayo mpaka pampanda, n'kuikhuthulira pansi molunjika kumgodi wotsekedwawo. Imeneyo inali ya a Alberto. Ndiwo okha pa makasitomala awo onse amene sankafuna zolawa.

Mwambo unayenda monga umayendera. Makwaya anaimba, amayi amasiye anakhala kutsogolo ndi maduku akuda, nkhata zinaikidwa, akuluakulu analankhula mpaka mthunzi unathawa pamipando. Pofika masana kuzizira kuja kunali kutaiwalika. Dzuwa la ku Hwange silidziwa kuti kuli Juni. Anthu anatuluka kukhosi kuli gwa, n'kukhamukira kumatebulo athu.

Achinyamata thobwa alibe nalo ntchito. Amati ndi mahewu a madala, amasiya timisere m'mano, ndiye anathamangira kwa ogulitsa mafiriziti, timadzi totsekemera tozizira ta m'mapepala. Makasitomala a a Fainesi ndi opuma ntchito kumgodi ndi amayi amasiye. Woyamba kufika, monga chaka chilichonse, anali a Raphaeli Zulu, mdala wa ku Chipata wa dzino limodzi kutsogolo.

“Mayi, tandipatsani moziziritsa kukhosi. Azibambo aja amalankhula ngati alipidwa pa liwu.”

A Fainesi anasamba m'manja, anathira. Dzanja linakwera lokha, monga linazolowera, mpaka pachibwano. Pamenepo linaima. Kenako linatsika pang'onopang'ono, ndipo anapereka kapuyo ndi manja awiri.

A Raphaeli anailandira, n'kuima nayo. Anayang'ana kapu, anayang'ana a Fainesi. Anadikira.

“Aletsa,” anatero a Fainesi. “A zaumoyo. Akuti malovu.”

“Oho. Aletsa eti? Chabwino, chabwino. Ndikamwera pamthunzi apo, dzuwali lanyanya.”

Anapita pansi pa mtengo wa tsanya, anakhala pamwala, kapu n'kuiika pansi pambali pa phazi. Anayamba kucheza ndi anzawo za mpira, ndipo kapuyo sanaigwirenso.

Anabwera amayi awiri amasiye, anzawo a a Fainesi a mpingo umodzi. Atamva kuti chaka chino kulibe zolawa, mmodzi anati waiwala chikwama m'kati, winayo anati amuperekeze. Sanabwererenso. Pasanapite nthawi mawu anali atayenda mzere wonse wa matebulo mpaka kokwerera makombi: chaka chino sakulawa. Ine ndinayesa kufotokozera aliyense wogula mandasi kuti ndi lamulo, kuti ngakhale ine ndagula mpopi. Ankagwedeza mitu mondivomereza, kenako kumbaliko n'kumafunsana kuti ndi lamulo lanji limene lagwera munthu mmodzi yekha. Ankatafuna mandasi anga ouma, akutsamwa, chidebe cha thobwa chili chodzaza pambali pawo.

A Fainesi anaima chilili, manja ali pamimba pa epuloni. Ankapukuta tebulo lomwe linali loyera kale. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinapsa mtima, osadziwa kuti ndipsere yani. Nditaona kuti Thandeka ali kutali, akukangana ndi mayi wa nyama yootcha za ntchentche, ndinawanong'oneza.

“Wapita uko. Itanani a Raphaeli, mulawe msanga asanatembenuke.”

“Kulawa mobisa?” anatero osandiyang'ana. “Umenewo ndiye ufiti weniweni. Kulawa n'koti aliyense aone.”

Apa m'pamene ndinaona a Tobiasi tsidya la msewu. Chaka chimenecho anali ataphwa. Kolala ya malaya inkazungulira khosi momasuka, jekete lili lendelende. Kutchalitchi anali atasiya kuimba besi, n'kusamukira ku benchi yakumbuyo pafupi ndi khomo, kumene ankatulukira kawirikawiri ndi kampango pakamwa. Anali ataima ndi amuna ena amene ankalankhula akuloza kuno ndi milomo. Anamvetsera. Kenako anakonza chipewa, n'kuyamba kuwoloka msewu.

Anawoloka pang'onopang'ono, ndipo pakati pamsewu anaima kaye kuti apume. Kombi inawaimbira hutala, iwo osaiyang'ana n'komwe. Pofika patebulo, anthu anali atasiya zocheza pansi pa tsanya paja n'kuyandikira. Anthu athu angakane thobwa, koma mkangano sakana. Thandeka ataona chigulu anasiya ntchentche zija n'kubwera, n'kuima pambali panga.

“Alamu,” anatero a Tobiasi. Chimwalirire a Fideli, amenewa anali mawu oyamba.

“Alamu.”

“Ndamva kuti chaka chino simukulawa.”

“Aletsa.”

“Tandithirirani.”

Ine ndinaona msampha. Akapereka yosalawa, mdalayu aikweza m'mwamba n'kumaliza mawu amene anawasiya kumanda aja, ulendo uno ndi dzina lomwe. Akalawa, Thandeka akhuthula chidebe pansi pamaso pa Hwange yense, ndipo podzafika madzulo palibe amene adzakumbukire za malovu. Adzangoti a zaumoyo anataya thobwa la a Fainesi.

A Fainesi anasamba m'manja ndi sopo mosafulumira, chala ndi chala. Anatenga kapu, anatsegula mpopi, anadzaza. Anayang'ana chidebe chawo. Anayang'ana Thandeka. Kenako anayamba kukweza kapuyo, ndipo ulendo uno dzanja silinaime pachibwano.

“Gogo, ngiyacela, chonde,” anatero Thandeka chapansipansi.

Mlomo usanakhudze, dzanja la a Tobiasi linali litagwira kapu.

“Aikona. Ndati mundithirire, sindinati mundimwere.”

Anailanda, thobwa lina n'kutayikira patebulo. Anaikweza kuti aliyense aione, monga amachitira wansembe ndi chikho. Ndiye anamwa. Anamwa osapumira, kholingo likukwera ndi kutsika pakhosi lowondalo, mpaka kapu inayang'ana kumwamba. Anaiika patebulo n'kupukuta ndevu.

Pamenepo chifuwa chinawagwira. Anawerama, dzanja limodzi patebulo, lina likufufuza m'thumba la jekete. Anatsokomola mpaka chipewa chinagwa. Pochotsa kampango pakamwa, tonse tinaona magazi.

“Mayo ine!” anakuwa mayi wina kumbuyo. Anthu anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka. A Fainesi anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, milomo yawo itayera. Ndinachita mantha enieni, poti ndinadziwa kuti zikathera apa mayiyu safika kunyumba ali bwino.

A Tobiasi anakweza dzanja kuti tikhale chete. Anadikira mpaka mpweya utabwerera. Kenako anatambasula kampango kaja ndi manja awiri, n'kukatembenuzira kwa anthu, kumanja ndi kumanzere. Kanali ndi madontho ofiira a tsopano, koma kuzungulira pamenepo panali ena ambiri, akuda, ouma, ena osuluka ndi kuchapa.

“Onani bwino, inu amene muli ndi maso,” anatero ndi mawu osasa. “Ofiirawa ndi a lero. Akudawa ndi a dzulo, a dzana, a mwezi watha. Chifuwachi chinayamba Khirisimasi isanafike. Achimwene anga a Fideli ndi mmene anayambira. Jekete kuwakulira, thukuta pogona, kupumira pakati panjira. Ndinkaona, koma sindinkadziwa chimene ndikuona. Lero ndikuchidziwa, poti chili muno.”

Anadzimenya pachifuwa, n'kutsokomolanso pang'ono.

“Thobwa la mayi awa ndalimwa lero koyamba chiikire mbale wanga m'manda. Ndiye wina asadzanene zopusa pamaliro anga. Chifuwachi sindinachitenge m'kapu.”

Pepani sananene. A Tobiasi mawu amenewo sanabadwe nawo. Anangowerama kutola chipewa, anachikuntha fumbi, n'kuyang'ana poti akhale. Ndinawakankhira kireti yanga ya mazira, anakhalapo.

Woyamba kuyenda anali Thandeka. Anavala golovesi, anatola kapu ya a Tobiasi, anaiika m'pepala lapulasitiki payokha, n'kupukuta patebulo ndi madzi a klorini. Kenako anagwada pambali pa kireti.

“Khulu, agogo, Lolemba kuchipatala. Ndidzabwera kudzakutengani ndekha.”

“Ndamva, mdzukulu wa a Mwale. Agogo ako nawonso anali ovuta chonchi.”

Anthu anaima kanthawi, aliyense akuyang'ana nsapato zake. Kenako a Raphaeli anayenda mwakachetechete kubwerera pansi pa tsanya paja, anatola kapu yawo ija, n'kuyamba kuuzira nyerere zimene zinagweramo.

“Hatshi, khulu! Yakhala padzuwa, ntchentche zaterapo. Tayani, mutenge ina.”

“Iwe mwana, chilichonse n'choletsedwa kwa iwe?”

Anaitaya, n'kubwera patebulo. A Fainesi anasamba m'manja, anathira ina. Dzanja linakweranso lokha mpaka pachibwano, linaima, linatsika. A Raphaeli analandira, anayang'ana a Tobiasi pakireti paja, n'kumwa ataima pomwepo. Kumbuyo kwawo kunali amayi awiri aja, chikwama chitapezeka mwadzidzidzi. Kumbuyo kwa iwo kunali ena, mpaka mzere unafika pamsewu. Ludzu linali litawazunza mokwanira.

A Fainesi ankathira ndi kupereka, kuthira ndi kupereka. Misozi inkatsika m'masaya, ndipo poti epuloni inali yoletsedwa kupukutira nkhope, ankaipukutira paphewa. Nanenso ndinalira, sindibisa, uku ndikukulunga mandasi m'pepala.

Mzere utachepa, a Tobiasi anadzuka pakireti mogwirira tebulo. Anavala chipewa, anakonza jekete. Anaima pang'ono ngati munthu amene akufunafuna mawu m'matumba onse.

“Shuga wachepa, alamu,” anatero.

A Fainesi anatseka mpopi, n'kuwayang'ana m'maso.

“Kaya,” anatero. “Ine sindinalawe.”